Kalata kwa mwana wanga, pa za anthu osatopa ndi kutsutsa

Mwana wanga,

Ukuti watopa nawo anthu amene boma likapuma iwo amati lapuma molakwika. Ukuti pa wailesi ndi omwewo, pa Facebook ndi omwewo, ndipo ntchito yawo ndi kulongolola basi. Kutopetsa amatopetsadi, sindikukana. Ena mwa iwo ndi amwano, ena amakonda kumva mawu awo omwe. Koma iwe unabadwa pakamwa pali potsegula kale, choncho ndikuuzeko mmene panatsekedwera.

Dziko lino litangolandira ufulu mu July 1964, sipanathe miyezi itatu nduna zisanasemphane ndi Kamuzu. Nkhani zake zinali zomveka: anthu azilipira tiki kuchipatala, ubale ndi Apwitikizi amene ankalamula ku Mozambique, kuchedwa kupereka maudindo a m'boma kwa eni dziko, komanso mtsogoleri kuchita zinthu payekha ngati nduna ndi ana. Orton Chirwa, Kanyama Chiume, Augustine Bwanausi ndi mayi Rose Chibambo anachotsedwa. Masauko Chipembere, Yatuta Chisiza ndi Willie Chokani anatula pansi udindo. Kuyambira pamenepo aliyense wofunsa funso ankatchedwa chigawenga, ndipo ife tinakula tikuloweza nsanamira zinayi: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Ona bwino, pa zinayizo palibe pamene pali malo a munthu woti ayi.

Bata linalipo, inde. Achikulire anzanga ena mpaka lero amaliyamikira. Koma m'bata lomwelo, mu May 1983, Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga anapezeka atafa ku Thambani, m'boma la Mwanza, ndipo tinauzidwa kuti inali ngozi ya galimoto. M'mitima tinkadziwa, pakamwa tinali duu. Jack Mapanje anatengedwa mu 1987 n'kukakhala ku Mikuyu mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Iye sanagwire mfuti, ankangolemba ndakatulo. Orton Chirwa, amene anayambitsa Malawi Congress Party, anafera m'ndende ya Zomba mu October 1992.

Chimene ndikufuna uchimvetse ndi ichi: kalata ya mabishopu Achikatolika ya pa 8 March 1992 sinanene chilichonse chachilendo. Malipiro ochepa, kusowa kwa mankhwala m'zipatala, ana kuthithikana m'makalasi, anthu kumangidwa popanda mlandu, zonsezi ngakhale wogulitsa mandasi ankazidziwa. Chachilendo chinali kuzimva zikuwerengedwa mokweza, masana, pamaso pa anthu. Boma linati kalatayo ndi youkira, apayoniya anakatentha nyumba yosindikizira mabuku ya ku Balaka, Monsignor John Roche anathamangitsidwa m'dziko. Koma mantha anali atang'aluka kale. Pa 6 April Chakufwa Chihana anatsika ndege ku Lilongwe akudziwa kuti apolisi akumudikira, ndipo anamugwira asanamalize kuwerenga mawu ake. Pofika pa riferendamu ya pa 14 June 1993, anthu pafupifupi awiri mwa atatu aliwonse anavotera nyali ya matipate, kusiya tambala wakuda wa chipani chimodzi. Wotsutsa nthawi zambiri sakhala wanzeru kuposa anzake. Amangoyamba kunena zimene anzake akumeza, ndipo amazinenanso mawa.

Kuzinenanso mawako ndiko kumakukwiyitsa iweyo, koma ndi pomwe pagona ntchito yonse. Dandaulo la tsiku limodzi olamula saliopa, amangodikira kuti lizizire. Amene amawasowetsa tulo ndi uja wobwerabe. Pamene a Bakili Muluzi ankafuna kuchotsa malire a materemu awiri mu 2002, mipingo, maloya ndi mabungwe anakakamira mpaka biluyo inagwa m'Nyumba ya Malamulo. Chisankho cha tipeksi cha 2019 chikanapita ngati madzi pakanapanda anthu amene anayenda m'misewu miyezi yambiri ndi ena amene anakhala m'khoti mpaka chigamulo cha pa 3 February 2020. Ndipo usaiwale kuti matipate sanathetse kuwombera: pa zionetsero za pa 20 July 2011 anthu pafupifupi 20 sanabwerere kwawo.

Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Koma usapusitsike, si aliyense wotsina khutu amene amakufunira zabwino. Alipo ofuula chifukwa mbale sinawafike, ndipo ikawafika timati adya mabanzi. Njira yowasiyanitsira ndi kudikira tsiku limene anzawo alowa m'boma. Chihana anadzakhala wachiwiri kwa wachiwiri kwa pulezidenti m'boma la a Muluzi. Timothy Mtambo, amene ankatsogolera zionetsero za bungwe la HRDC, anadzakhala nduna mu 2020. Kulowa m'boma si tchimo, ndipo sindikufafaniza zimene anthuwa anachita pa nthawi yoopsa. Koma mpando wa wotsutsa ukatsala wopanda munthu, pamafunika wina aukhale, chifukwa boma la anzako nalonso limaba, nalonso limanama.

N'chifukwa chake ine ndimalemekeza kwambiri mayi Vera Chirwa. Anagwidwa pamodzi ndi amuna awo, a Orton Chirwa aja, mu December 1981, anaweruzidwa kuti aphedwe, ndipo anakhala m'ndende zaka zoposa 11. Atatuluka mu January 1993, amuna awo anali atamwalira kale. Munthu wotero akanapita kumudzi kukapuma, palibe akanamunena. Iwo anayambitsa bungwe la CARER lothandiza anthu osauka pa nkhani za malamulo, kenako anadzakhala m'komiti ya mayiko a mu Africa yoona za ufulu wa anthu, kumene anapatsidwa ntchito yoyendera ndende ndi kufunsa maboma mmene akusungira akaidi.

Ndine bambo wako.