Mbewu Imodzi Yokha

Kuno ku Cape Town mvula imagwa mu July. Ndakhala kuno zaka zisanu, koma thupi langa likukanabe kuvomereza zimenezi. Kwathu ku Balaka mwezi uno kumwamba kuli mbee, mwera ukuulutsa fumbi pa siteshoni ya sitima, nandolo wayamba kukhwima m'minda. Kuno ndimadzuka kuli mdima, malata akudontha, mphepo ya kunyanja ikulowa m'mafupa. Lero ndi tsiku lachisanu ndi chinayi chiikireni mluza m'chiberekero cha akazi anga. Adokotala anati tidikire masabata awiri tisanayezetse magazi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma usiku tulo sitibwera, ndipo mtima ukasowa pogwira umathawira kumudzi.

Ndinakwatira ku Machinga, cha ku Ntaja, kumene mapiri a Chikala amaonekera ukaima pakhomo. Ndinapita chikamwini monga mwa mwambo. Anandilozera pomanga nyumba, anandipatsa munda, ndipo chaka choyamba aliyense ankandimwetulira. Chaka chachiwiri amayi a pachitsime anayamba kuyang'ana akazi anga pamimba asanawapatse moni. Chaka chachitatu anzanga onse amene tinalowera limodzi m'banja anali atataya mayina awo akale. Uyu ankatchedwa bambo a uje, uyo bambo a uje. Ine ndekha ndinatsala ndi dzina limene anandipatsa makolo, ngati mnyamata wa pasukulu.

Palibe anandiloza chala pamaso. Mlandu wonse unagwera mkazi. Anamutengera kwa asing'anga a ku Nsanama, a ku Ulongwe, mpaka kutsidya kwa Nayuchi. Anamutema mphini m'chiuno, anamumwetsa mizu yowawa m'mabotolo a Fanta. Ine ndinkangotafuna gondolosi wogula pa Liwonde, n'kumadziuza kuti mwamuna amene m'nyumba zonse zikumuyendera sangakhale gojo. Koma ndikadutsa pa bawo, mawu ankatsika, ndipo tsiku lina ndinamva wina akunong'ona zoti kaya sindinagwe mu mpapaya.

Madzulo ena amalume anga anandiitanira kuseri kwa nkhokwe. Anayamba ndi nkhani ya mvula, kenaka ya mbuzi, kenaka anati, "Mphwanga, akale anali ndi njira. Mwamuna amapita kukagona kwina usiku umodzi, fisi amalowa, m'mawa palibe amene wadziwa." Sindinawayankhe. Patangotha miyezi iwiri ndinakwera basi ya ku Joni. Anthu ankati ndapita kukasaka ndalama, ndipo zinali zoona, koma ndinkathawanso maso a anthu. Akazi anga anandilondola patapita chaka.

Ndi iwo amene anandikokera kuchipatala. Atawayeza, n'kupezeka kuti mazira akukhwima bwino ndipo machubu ndi otseguka, namwino anatembenukira kwa ine n'kundipatsa kabotolo kachivundikiro. Palibe ulendo wautali umene ndinayendapo kuposa masitepe khumi opita ku kachipinda kaja. Zotsatira zitabwera, adokotala anandionetsa pepala. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati mwa amuna obereka, mbewu sizikonda kuchepera 16 miliyoni mu mililita imodzi ya umuna. Zanga sizinafike ngakhale miliyoni imodzi, ndipo zambiri mwa zochepazo zinali zongogona. Anandiyezanso patapita miyezi itatu, poti mbewu imatenga masiku oposa 70 kuti ipangidwe, koma zinali chimodzimodzi.

Anandifunsa ngati ndinadwalapo masagwidi nditakula, chinzonono, kapena kuvulala kumaliseche. Atafika pa likodzo ndinaseka mwamanyazi. Ndani wa ife amene anakulira kusamba m'madambo a ku Shire osakodzako magazi? Tinkanyadira, tinkati ndiye kukula kumeneko. Kafukufuku wa pakati pa asodzi a ku Mangochi anapeza mazira a likodzo mu umuna weniweniwo. Adokotala sanaloze chifukwa chimodzi, anangoti mwa mabanja osowa mwana, pafupifupi theka vuto limakhudza mwamuna, ndipo lipoti la WHO la mu 2023 linati munthu mmodzi mwa asanu ndi mmodzi alionse amakumana ndi kusabereka pa moyo wake. Ine ndinangoona mphini zija m'chiuno mwa akazi anga. Iwo anali chete pambali panga, manja ali pamiyendo.

Njira imene anatiuza imatchedwa ICSI. Mu IVF yanthawi zonse, ija inabweretsa Louise Brown ku England pa 25 July 1978, dzira amaliika m'kambale pamodzi ndi mbewu zikwizikwi kuti imodzi idzilowere yokha. Zanga sizikanatha. Mu ICSI, katswiri wa mu labu amasankha mbewu imodzi yokha n'kuibaya m'kati mwa dzira ndi dzanja lake. Anaiyamba ku Brussels, m'dziko la Belgium, Gianpiero Palermo ndi anzake a m'gulu la André Van Steirteghem, ndipo ana oyamba anabadwa mu 1992. Mzinda uno nawo uli ndi mbiri yake: mwana woyamba wa IVF mu South Africa anabadwa mu 1984 ku chipatala cha Tygerberg, kumene Thinus Kruger anakonzanso njira yoonera maonekedwe a mbewu imene madokotala a mayiko ambiri amatsatira.

Mtsikana wa mu labu anationetsa kanema wa ntchito yake. Dzira linali lozungulira ngati mwezi wathunthu, kachubu kagalasi katalikoka kumanzere kuti lisagwedezeke. Iye amayang'ana pa maikulosikopu, n'kusankha mbewu yooneka bwino, n'kuipsinja mchira kuti ileke kusambira. Amaiyamwa ndi kasingano kopyapyala kuposa tsitsi, kuyambira kumchira. Kasinganoko kamakankha khungu la dzira, dzira n'kubonyoka pang'ono ngati mpira wa chikulunga, kenaka fyu, kalowa. Ndinakumbukira agogo anga akudzala chimanga chaka cha njala, mbewu itatsala ya m'chikho chimodzi. Sankamwaza. Ankagwada, n'kuika imodzi imodzi ndi chala.

Chimene sindinayembekezere n'chakuti ngakhale vuto ndi langa, singano zonse zinapitabe kwa mkazi. Masiku khumi ndi limodzi ndinkawabaya jakisoni pamimba m'mawa uliwonse ndisanapite kukadulira maluwa a abwana, kuti mazira ambiri akhwime nthawi imodzi. Tsiku lotulutsa mazirawo anawagoneka ndi mankhwala. Anatuluka asanu ndi atatu. M'mawa mwake foni inalira kuti asanu agwira. Pofika tsiku lachisanu anatsala awiri. Mmodzi anamuika, wina anamusunga m'chisanu. Anatichenjeza kuti sikuti nthawi zonse zimatheka. Ndalama zake ndi marandi masauzande makumi angapo, thukuta la zaka zitatu, kuphatikiza chipereganyu cha anzathu a ku Mangochi amene tinawauza kuti tikumanga nyumba kumudzi. Njerwa tinaumba ku Balaka zija zidakali pa uvuni, udzu ukumera pamwamba.

Masiku odikirawa ndi amene andisowetsa kwathu koposa. Kumudzi mkazi akagona chonchi, mchemwali wake amabwera kudzatunga madzi, anakubala amaphika phala la mgaiwa lotsira nsinjiro, wina amangokhala pamkeka osalankhula. Kuno tili awiri m'kachipinda, oyandikana nawo amalankhula Chixhosa, ndipo ufa wa m'shopu sumanga nsima ngati wa kuchigayo cha kwathu. Ndimalakalaka kutentha kwa Balaka kumene ndinkakutukwana, malambe a m'mbali mwa msewu wa ku Liwonde, kulira kwa mvuu ukaima pa mlatho madzulo. Koma ndikudziwanso kuti kumene ndikukulakalakako n'kumene akazi anga anasenzera mlandu wanga zaka zisanu ndi ziwiri.

Dzulo anyamata a mabasi anabweretsa katundu wochokera kwa amayi anga: matemba a ku Chilwa, mpunga, nandolo wouma. Pansi penipeni panali kampukutu ka pepala la shuga komanga ndi luzi. Munali mizu, ndi kakalata kolembedwa ndi mdzukulu wawo: apongozi aziviika m'madzi, azimwa m'mawa ndi madzulo. Akazi anga anaifunyulula, anainunkhiza, n'kuikulunganso mwaulemu osanena kanthu.

Ndinatuluka panja ndi foni.

"Amayi, katundu wafika. Zikomo."

"Mankhwalawo mwawaona? Asadumphitse tsiku."

"Amayi, mpongozi wanu alibe vuto. Sanakhalepo nalo. Anatiyeza tonse awiri. Vuto lili mwa ine."

Kunali zii. Ndinamva tambala akulira kumbuyo kwawo, ndi mwana wina akuitana mbuzi. Ndinaganiza kuti mayunitsi atha.

"Wadziwa liti?"

"Papita zaka ziwiri."

"Zaka ziwiri, ine ndikuyenda m'tchire kukumbira mwana wa eni mizu?" Anapuma mozama. "Apatse foni apongozi anga."

Ndinalowa n'kuwapatsa. Anakhala tsonga pabedi, anakonza chitenje ngati amayi awaona, n'kuyankha kuti, "Wawa, amayi." Zimene anakambirana sindinazimve, chifukwa ndinabwerera panja kukaima pansi pa malata. Anatenga nthawi yaitali. Nditalowanso ndinapeza aika matemba pamoto, fungo la ku Chilwa litadzaza m'nyumba, maso awo ali ofiira.

"Akuti Loweruka apita ku Ntaja kukaonana ndi amayi anga," anatero. "Akuti mawu amenewa si a pafoni."

Magazi tikayezetsa Lachiwiri.