Liwiro la Mumcenga Nkuyambira Limodzi

 Ine ndine mnyamata wa ku Dedza, ndinaphunzira pa sukulu ya mishoni kufikira Sitandade 8, ndipo tsopano ndigwira nchito ya ukalaliki pa mgodi wina wa golidi kumadzulo kwa Johannesburg. Katundu wolemera amene ndinyamula tsiku lonse ndiye colembera, cifukwa cace anzanga a pansi amandiseka kuti ndine Mabalane wa manja osalala. Ndifuna kukuuzani za mpikisano umene ndinalowa ku Cape Town m'caka ca 2025, ndi za manyazi amene ndinacita ku Sea Point atatsala masiku khumi kuti tipikisane, pakuti manyaziwo ndiwo anandiphunzitsa koposa zonse.

Mpikisanowu dzina lace ndi HYROX. Unayamba ku Hamburg m'dziko la Germany m'caka ca 2017, ndipo anauyambitsa ndi Christian Toetzke ndi Moritz Fürste. Ku Cape Town unafika koyamba m'caka ca 2024, m'nyumba yaikuru ya misonkhano ya Cape Town International Convention Centre. Macitidwe ace ngomwewo m'maiko onse. Munthu athamanga kilomita imodzi nagwira nchito imodzi yolemetsa, nathamanganso kilomita ina nagwira nchito ina, kufikira atakwanitsa makilomita 8 ndi nchito 8.

Nchitozo, pa muyeso wa amuna wamba, nazi. Yoyamba ndiyo kukoka zingwe ziwiri za makina kucokera kumwamba kutsikira pansi, monga acita mai posinja, kufikira makinawo awerenga mamita 1,000. Yaciwiri ndiyo kukankha cilei ca makilogalamu 152 mtunda wa mamita 50, ndipo yacitatu kukoka ndi cingwe cilei ca makilogalamu 103 mtunda womwewo. Yacinai ugona cafufumimba, nudzuka, nulumpha ngati cule, comweco mamita 80. Yacisanu upalasa makina ngati bwato mamita 1,000. Zitatu zotsala ndizo kunyamula zitsulo ziwiri za makilogalamu 24 ciri conse mamita 200, kuyenda mamita 100 ndi thumba la mcenga la makilogalamu 20 pamapewa bondo likugunda pansi pa phazi liri lonse, ndi kunyonyomala nkuponya mpira wa makilogalamu 6 pa cizindikiro ca mamita 3 kutalika, kokwana 100. Amalola anthu awiri kulowa pamodzi. Nchito agawana monga afuna okha, koma makilomita onse 8 ayenera kuthamanga onse awiri, osasiyana.

Ine ndinaona zimenezi pa foni, ndipo ndinaonetsa acimwene ena a ku Angonia m'dziko la Mozambique, amene alankhula cinenero cathu comweci, ndipo aboola mwala ndi makina pansi pa mgodi zaka zambiri. Iwo anaseka nati, "Mabalane, azungu alipira ndalama kuti acite nchito imene ife timalipidwa nayo? Cileico ndingakankhe ndi dzanja limodzi." Ine ndinati, "Acimwene, cilei mukankha ndithu, koma makilomita 8 mudzakwawa." Mkangano wa masewera umenewu unakula, anthu a m'komponi nautenga, kufikira tinalembetsa maina athu awiri. Ndalama yolembetsera pamodzi ndi ya basi sinali yaing'ono. Ine ndinacotsa pa ndalama ya malata a nyumba ya mai anga, ndipo acimwene anacotsa pa ya feteleza imene akazi ao anali kudikira ku mudzi.

Tinakonzekera masabata 12 pa bwalo la mpira la pa mgodi. Makina tinalibe, tsono tinapanga zathu. Tayala lakale la lole lodzaza ndi miyala ndilo linali cilei cathu, zigubu ziwiri za madzi za malita 25 ndizo zitsulo zathu, ndipo mcenga tinayesa pa sikelo ya ku khichini nkuthira m'thumba la ufa. Sabata loyamba tinazindikira kuti tonse awiri tinanena zoona. Acimwene anakoka tayala ngati akukoka mbuzi, koma atazungulira bwalo kawiri anaima nagwira maondo. Ine ndinazungulira kakhumi osatopa, koma zigubu zinandigwa m'manja ndisanafike pakati pa bwalo. Mphamvu ya mikono ndi mphamvu ya mpweya ndi zinthu ziwiri, ndipo wokhala ndi imodzi asaganize kuti inayo ibwera yokha. Inu mudziwa ciyeso ca m'cipinda cotentha, kumene munthu akwera ndi kutsika pa cipondero ka 24 pa mphindi iri yonse kwa mphindi 30. Mwaonapo amuna a zifuwa zazikuru akulephera pamenepo, ndi owonda akupambana.

Cotero tinagawa sabata motere: masiku awiri kuthamanga pang'onopang'ono, liwiro lakuti munthu nkumaceza osabanika, kuyambira mphindi 20 nkumaonjeza zisanu sabata liri lonse, masiku awiri kunyamula ndi kukoka, Loweruka kusakaniza zonse, masiku awiri otsala kupumula, pakuti acimwene amabwera atatha kale shifiti yao pansi. Loweruka ndilo linali tsiku lowawa. Kuthamanga ndi miyendo yopumula nkosabvuta, koma kuthamanga utangosiya tayala, nchafu ziri kunjenjemera, ndiko kumene mpikisanowu uyesa. Ine Loweruka ndinali kulizemba ndi zifukwa za ku ofesi, ndiri kunena mumtima kuti wothamanga ngati ine sasowa zimenezo.

Atatsala masabata awiri tinatenga chuthi nkukwera basi ya ku Cape Town, ulendo wa makilomita ngati 1,400. Tinafikira ku Sea Point kwa msuweni wanga, amene asamala nyumba ina ya nsanjika kumeneko, ndipo tinagona pansi m'kacipinda kace. Sea Point ali pakati pa phiri ndi nyanja ya mcere. Kumbuyo kuli Signal Hill ndi Lion's Head, kutsogolo kuli madzi ozizira a Atlantic, ndipo m'mphepete mwa madziwo muli njira yaitali yoyala bwino imene aiti Promenade, ya anthu oyenda pansi. Mbali ina kuli dziwe losambira la Pavilion, la madzi a m'nyanja, mbali ina kuli nsanja ya nyali yotsogolera zombo ku Mouille Point, ya mizere yofiira ndi yoyera, imene inayamba kuwala m'caka ca 1824. Kukayera kumwamba, cisumbu ca Robben Island cioneka patali.

Agogo anga anabwera ku Joni ndi Wenela, ndipo masiku ao munthu wakuda sakadasamba m'dziwe limenelo, cifukwa ca lamulo la 1953 lopatula malo a azungu ndi a anthu akuda, limene linathetsedwa m'caka ca 1990. Ndinali kukumbukira zimenezi m'mawa uja tinaturuka kukayesa mpikisano wonse, zigubu ndi thumba la mcenga titazisiya pa kapinga, asuweni akulondera. Anthu ambiri anali kuthamanga m'njiramo, a nsapato zokongola ndi mawochi owerenga mtima. Ndiponso mpweya wa kunyanja unandinyenga. Johannesburg ali pamtunda wa mamita oposa 1,700, ndipo munthu wozolowera kumeneko akatsikira kunyanja apuma mopepuka masiku oyamba. Tsono mtima wodzikuza unandilowa, ndinati lero aone kuti mdzukulu wa munthu wa Wenela athamanga kuposa iwo. Ndinaturuka ngati gwape, ndipo acimwene anaitana kawiri osaceuka ine.

Makilomita awiri oyamba ndinadutsa anthu ambiri. Koma nditabwerera pa kapinga nkunyamula zigubu, zala zinakana. Ndinasenza thumba la mcenga, ndipo nditagwada kasanu nchafu yamanzere inakokana ngati yamangidwa ndi waya, ndinagwa pamaso pa anthu, mai wina wacizungu nandifunsa ngati aitane ambulansi. Acimwene anafika mocedwa, ali kupuma bwino lomwe. Ananyamula thumba langa namaliza mamita anga, nanyamulanso zigubu zonse ziwiri, osandiyang'ana. Atamaliza anati, "Mabalane, pansi pa mgodi munthu wotha mphamvu zace zonse pa ola loyamba timamturutsa pa macira. Ndiponso sitisiya mnzathu m'mbuyo. Ine ndadya feteleza wa ana anga kuti ndidzathamange ndekha? Mawa ndikwera basi."

Madzulo amenewo nsima inakhala pa mbale nthawi yaitali. Asuweni ndiwo anaswa cete, nati, "Akuluakulu anati liwiro la mumcenga nkuyambira limodzi. Inu asuweni, pepesani kwa akulu anu. Inu acimwene, ndalama yolembetsera yapita kale, mukabwerera mwataya zonse ziwiri, feteleza ndi mpikisano." Ndinapepesa, ndipo ndinaulula za Maloweruka amene ndinazemba. Acimwene anakhala cete, kenaka anati, "Tenga colembera cako, ndico cida cako. Lemba cimene ali yense acita."

Tinalemba usiku womwewo. Liwiro lidzakhala la acimwene, ine ndidzathamanga pambali pao phewa ndi phewa, ndipo ndidzawerenga maulendo ozungulira, pakuti kilomita yace ithamangidwa mozungulira m'kati mwa nyumbayo ndipo wosokoneza ciwerengero amuonjezera mphindi za cilango. Mamita 50 a cilei agawidwa panai, 12.5 ulendo uli wonse: acimwene atatu, ine umodzi. Kulumpha kwa cule ine zambiri, pakuti ndine wopepuka, kuti iwo apume. Kupalasa tisinthana pa mamita 250 ali onse. Mpira tiponya khumi khumi, ndipo wina asadikire kufikira mikono itafa kuti apereke kwa mnzace.

Masiku otsalawo sitinaonjeze kanthu. Mphamvu imene munthu sanaipeze pa masabata 12 sangaipeze pa sabata limodzi, angodzipweteka cabe. Tinathamanga katatu kokha m'njira ya Promenade, mphindi 25, mphepo yozizira ya kunyanja iri kutiomba, ndipo pa liwiro la acimwene ndinapeza kuti ndingathe kunyamula zigubu pambuyo pace zala osakana. Masiku awiri omariza tinangoyenda kukafika pa nsanja ya nyali ndi kubwerako. Tinagona msanga, tinamwa madzi ambiri, mowa sitinakhudze. Tinadya zimene mimba zathu zidziwa, nsima, nyemba, mazira ndi nthoci, ndipo m'mawa wa tsikulo tinamwa phala atatsala maola atatu. Asuweni anafuna kundibwereka nsapato zao zatsopano, koma acimwene anakaniza, nati nsapato yacilendo ndi mdani wa phazi.

M'nyumba ya mpikisano munali phokoso la nyimbo ndi anthu ofuula, ndipo atatiuza kuti tiyambe, anzathu onse anaturuka ngati aona mkango. Miyendo yanga inafuna kuwatsata, koma ndinayang'ana phewa la acimwene nkukhala pomwepo. Kilomita yoyamba tinali pafupi kumapeto kwa gulu lathu. Pa cilei tinapeza ena a iwo atatsamira zitsulo, ali wefuwefu, ndipo acimwene anakankha maulendo ao atatu osaima. Cilei ceniceni cinali colemera koposa tayala lathu cifukwa ca mkeka umene cikwekwerezekapo, ndipo ulendo wanga umodzi unanditengera nthawi yofanana ndi awiri ao. Pa kilomita yacisanu ndi ciwiri acimwene ndiwo anafooka, nayamba kuyenda. Pamenepo ine ndinayenda nao masitepe makumi awiri, ndiri kuwawerengera mokweza, kufikira anayambanso kuthamanga. Mpira womariza anaponya iwo. Tinamaliza pa ola limodzi ndi mphindi 31, kutali ndithu ndi opambana, ndipo anatipatsa ali yense kansalu kakang'ono kosokerera pa cobvala, kosonyeza kuti tinafika kumapeto.

Tsono abale anga, wina wa inu akafuna kuyesa masewerawa, kapena ena otere, ndimuuza zimene ndinagula ndi manyazi. Ayambe miyezi itatu isanakwane. Wa pansi aphunzire kuthamanga mofatsa nthawi yaitali, wa pamwamba aphunzire kunyamula, ndipo onse asazembe tsiku losakaniza. Wa cifuwa cobvuta, monga ambiri a ife opuma pfumbi la mwala, ayambe waonana ndi dokotala. Ndalama ya kumudzi ayambe wakambirana ndi eni ace, asacite monga ife.

Titabwerera ku mgodi, acimwene anagwira ovataimu miyezi iwiri, ndipo feteleza anafika ku Angonia mvula isanagwe. Malata a mai anga anacedwa kufikira caka cinzace, ndipo kalata imene anandilembera pa nkhaniyo sindiiika m'nyuzi muno. Kansalu kaja acimwene anasokerera pa jekete lao la Lamulungu. Amandiitanabe Mabalane, koma za manja osalala analeka, ndipo Loweruka liri lonse agogoda pa citseko canga tayala liri kale pa bwalo. Tsalani bwino nonse.