"Netiweki yavuta" si yankho la zonse

Kwathu ku Dowa mawu akuti "netiweki yavuta" amatseka nkhani iliyonse. Ukangowanena, palibe amafunsanso. Nthawi zina zimakhala zoona, chifukwa m'mapiri a kuno mpaka ku Ntchisi nyumba ya m'chigwa imatchingika, ndipo munthu amachita kukwera pachulu kuti aimbe foni. Koma mawuwa tazolowera kuwanena ngakhale pamene vuto lili m'nyumba mwathu momwe, ndipo chizolowezichi chikutidyera ndalama.

Netiweki zilipo ziwiri. Ina imachokera pansanja ya Airtel kapena TNM kufika pafoni yanu, ndipo imeneyi ndiyo imadya bandulo. Ina ndi ya m'nyumba: mukayatsa hotspot, foni imasanduka bwalo lokumanirapo makompyuta. Pamafoni ambiri a Android yachiwiriyi imagwira ngakhale data ili yozimitsa. Makompyuta awiri angapatsirane mafayilo popanda kulipira tambala, ndipo phiri silikhudzidwa n'komwe.

Patchuthi chapitachi mng'ono wanga, yemwe akukonzekera mayeso a MSCE, amafuna manotsi a m'laputopu yanga alowe m'kompyuta yakale yomwe amalume adamusiyira. Zitakanika, amalume adapisa m'thumba.

"Kagule bandulo ina, netiweki yavuta."

"Dikirani kaye amalume, tifunse mmodzimmodzi," ndidatero.

Mfumu yodziwa ntchito sigamula mlandu isanamve mbali zonse. Apanso n'chimodzimodzi. Funso loyamba: kodi makompyuta onse alumikizidwa ku hotspot imodzi? Ngati ina sikuiona n'komwe, onani ngati foni ikuulutsa pa 5 GHz, chifukwa malaputopu ambiri akale amangomva 2.4 GHz. Lachiwiri: kodi akumvana? Kompyuta iliyonse imapatsidwa nambala yotchedwa IP address. Mukalemba mawu oti ping ndi nambala ya inzakeyo n'kulandira yankho, ndiye kuti njira ilipo. Lachitatu: kodi Windows yaika netiwekiyo ngati Public? Ikatero imabisa kompyuta yanu poganiza kuti muli pagulu la alendo, ndiye muyenera kusintha kuti ikhale Private. Musaiwalenso makoma a njerwa, omwe amafoola mafunde a Wi-Fi. Ife mlandu wathu udathera pafunso lachitatu, ndalama ya amalume n'kukagula sopo.

Ena anena kuti izi n'za anzathu a sayansi, ife a mabuku tisiye. Ine ndikukana. M'kalasi amatiphunzitsa kufunsa kuti wanena ndani, umboni wake ndi uti. Luso lomwelo likufunika pakompyuta, makamaka kumudzi komwe wokonza ali kutali, ku Mponela kapena ku Lilongwe, ndipo ulendo wokha ndi ndalama. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Musanaloze chala phiri kapena kampani ya foni, yambani mwafunsa zipangizo zomwe zili patebulo panu, chimodzichimodzi.