Kalata kwa Mphwanga: Kumene Rauta Inachokera

Wokondedwa mphwanga,

Amayi akuti wayamba kusunga ndalama zogulira rauta ya m'shopu yako ku Mponela. Usanakwere nazo basi ya ku Lilongwe, tamva kaye kumene chida chimenechi chinachokera, pakuti mbiri yakeyo ikuthandiza posankha.

Amishoni a Dutch Reformed atakhazikika ku Mvera mu 1889 ndi ku Kongwe mu 1894, ntchito zamanja zinkaphunzitsidwa pamodzi ndi kuwerenga. Kalipentala wa nthawi imeneyo akafuna mzere m'thabwa ankacheka mbali zake ndi sowo, n'kusema pakati ndi tchizulo, n'kusalaza pansi pake ndi kapulena ka dzino limodzi lokhota. Zokongoletsa za m'mphepete mwa chitseko zinkafuna mapulena enanso, mtundu uliwonse pulena yakeyake.

Rauta inabwera kudzasonkhanitsa ntchito zonsezi m'chida chimodzi. Mu 1915 Oscar Onsrud ndi mwana wake Rudy, a ku Chicago, anapanga yoyendera mphamvu ya mpweya. Ray Carter wa ku Syracuse anapanga yamagetsi, ndipo kampani ya Stanley inagula bizinesi yake mu 1929. Cha m'ma 1949 kampani ya Elu ku Germany inatulutsa yotsika ndi kukwera pa masipuling'i, yomwe imalowetsa biti, kachitsulo kake kosemera, pakati penipeni pa thabwa popanda kuyambira m'mphepete. Kumapiri a Dowa ndi Ntchisi rauta inafika mochedwa chifukwa imatsata mawaya a ESCOM. Kumene magetsi a MAREP sanafike, pulena ndi tchizulo zikulamulabe.

Mwachidule, rauta ndi mota chabe. Wosema ndi biti. Biti iliyonse inalowa m'malo mwa pulena imodzi ya kale ija: yowongoka imakumba mzere, ina imabulungitsa m'mphepete mwa tebulo, ina imadula khwawa lokhazikamo galasi la windo. Mabiti oyambirira anali achitsulo wamba ndipo ankabuntha msanga. Kabaidi, yemwe kampani ya Krupp ku Germany inayamba kugulitsa m'zaka za m'ma 1920, ndiye anadzalimbitsa mano ake. Mmisiri wogwira mlombwa, mbawa kapena bulugamu wouma amasankha biti ya mano a kabaidi. Paini wa ku Chikangawa ndi wofewa, koma utomoni wake umamatirira pa biti n'kuwotcha thabwa ngati osaupukuta.

Msampha waukulu uli pa tsinde la biti. Mabiti ena amapimidwa m'mamilimita, 6, 8 kapena 12. Ena m'mainchi, kota kapena theka. Kota ya inchi ndi mamilimita 6.35, ndiye biti ya mamilimita 6 ikamangidwa m'chogwirira cha kota sigwira bwino, ndipo imatha kusolokoka mota ikuzungulira kopitirira 20,000 pa mphindi. Biti yaikulu imafuna tsinde lalikulu ndi liwiro lotsika.

Amisiri ozolowera sakumba mozama kamodzi. Amadutsa kawiri kapena katatu. M'mphepete moyang'anizana nawo amakankha kuchokera kumanzere kupita kumanja kuti biti isawathawitse, ndipo thabwa logwirapo kale ntchito amayamba alifufuza misomali.

Ukakafika m'sitolo, kafunse kukula kwa chogwirira biti, ngati liwiro limasinthika, komanso ngati mabulashi a motayo amapezeka. Magalasi oteteza maso ukagule tsiku lomwelo. Upereke moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mkulu wako,
ku Ntchisi.