Turbo ya timapiko siifa yokha

Galimoto ya dizilo ikayamba kulemera pa msewu wa M5, dalaivala n'kumaponda mafuta iyo osasuntha, chigamulo chimene chimatuluka msanga m'magalaja ena kuno ku Dwangwa n'chakuti turbo yafa, gulani ina. Ine monga makaniko chigamulo chimenechi ndimachikana, makamaka pa turbo ya timapiko toyenda imene ili mu Toyota Hilux ya injini ya 1KD ndi mu Nissan Navara ya YD25. Kawirikawiri turbo yotere imakhala ili moyo. Yangomangika ndi mwaye, ndipo mwayewo uli ndi kumene ukuchokera.

Kumbali ya utsi ya turboyi kuli mkombero wa timapiko tozungulira gudumu lake. Injini ikamayenda pansi, timapiko timatseka kuti utsi upanikizike n'kupota gudumu mwamphamvu. Liwiro likakwera timatseguka. Tikamatirira potseka, mpweya umachuluka mopyola, kompyuta imalemba P0234 n'kudula mphamvu kuti injini ipulumuke. Tikamatirira potseguka, galimoto imafooka ponyamuka ndipo imatulutsa P0299. Koma manambala amenewa amangonena kuti mpweya wachuluka kapena wachepa, satchula chimene chalakwa. Payipi yong'ambika ya intercooler, kapayipi ka vakiyumu kouma ndi dzuwa pa Navara, waya wothothoka pa kamota ka Hilux, zonsezi zimaoneka ngati matenda a turbo. N'chifukwa chake ndimayamba ndi dzanja. Ndimamasula kandodo ka actuator n'kuyendetsa kamkono ndi chala. Kakamayenda mofewa kuchoka kumapeto mpaka kumapeto, timapiko tilibe mlandu. Kakamakakamira pakati, mwaye kapena dzimbiri lachinyezi cha kunyanja kuno lagwira mkombero.

Kutsuka mkomberowo ndi pamene mmisiri amadziwikira. Usanatsegule uike chizindikiro pomwe zigawo zimakumana, timapiko uchotse ndi kutiyala monga mmene tinakhalira, mwaye upale modekha mpaka chitsulo chiwale, osadya chitsulocho, chifukwa mpata ukakula utsi umathawira m'mbali. Girisi wamba usapakemo, amapsa n'kusanduka mwaye wina. Ndiye pali kabawuti kakang'ono koimitsa kamkono, kamene kanakhazikitsidwa kufakitale poyeza mpweya ndi makina. Anzathu otchipa amathamangira kameneka ndi sipanala, ati galimoto ikoke. Imakokadi masiku ochepa, koma gudumu limene kale limazungulira maulendo opitirira 100,000 pa mphindi limayamba kuthamanga mopyola malire, ndipo mapeto ake ndi shafiti yoduka kapena gasiketi yopsa. Ife amene tinaphunzira ntchito pa injini zakale zopanda kompyuta tinakula ndi lamulo loti chimene sungathe kuchiyeza usachipotokole, ndipo pa kabawuti aka lamulolo silinakalambe.

Wina anena kuti turbo yatsopano yotchipa imapezeka, nanga n'kutayiranji tsiku lonse ukupala mwaye? Funsolo n'lomveka, pakuti galimoto ikagona mwini wake sapeza ndalama, makamaka nyengo yodula nzimbe. Ndipo ndivomere: shafiti ikamagwedera, gudumu litakhudza khoma, oyilo akutayikira m'payipi, kutsuka sikuthandiza, turbo imeneyo isinthidwe. Koma ngati vuto linali mwaye, yatsopanoyo mwaiika m'moto womwewo. Galimoto za kuno zimayenda m'fumbi ndi phulusa la m'minda ya nzimbe, sefa ya mpweya n'kutsekeka. Zimaima nthawi yaitali injini ikulira, kapena kungoyenda pang'ono kuchoka kumunda kufika pamsika, utsi osatentha mokwanira kuti mwaye upse. Mafuta akasowa anthu amathira dizilo wa m'zigubu, wamadzi ndi zinyalala, mainjekita n'kuyamba kudontha. Valavu ya EGR ikamatirira imawonjezera utsi wakuda. Zimenezi zikapanda kukonzedwa, turbo yachiwiri imamangika ngati yoyamba.

Chimene chimandiwawa n'chakuti eni galimoto ambiri salipira kufufuza. Ukawapulumutsira turbo yawo amati, "Bambo, simunasinthe kanthu, ndalama zonsezi n'zachiyani?" Koma wowagulitsa chitsulo chonyezimira amamupatsa mosawiringula, ngakhale sanayeze injekita ndi imodzi yomwe, kapena kutsegula n'komwe bokosi la sefa.