Mphongo za Nswala Zikamalira ku Majete

Ambiri a ife okhala m'Blantyre ndi ku Limbe nswala timaidziŵira pa zithunzi za m'mabuku a sukulu. Ku Michiru kukadali anyani ndi apusi, koma mapiri a Ndirande ndi Soche anametedwa mpala, kotero kuti mwana wa ku Chilomoni kapena ku Bangwe angathe kukula osamvapo kulira kwa nyama ya m'tchire. Komatu makilomita pafupifupi 70 okha kuchokera mu mzinda uno, ku nkhalango ya Majete, chaka ndi chaka kumachitika zinthu zoyenera kuziona ndi maso. Nyengo yake ndi ya masika, kumapeto kwa Epulo ndi mwezi wa Meyi, pamene mphongo za nswala zimalimbirana zazikazi.

Wofuna kukaona anyamuke kusanache. Mseu wa ku Chikwawa umadzera pa Mpemba ndi pa Chadzunda, kenaka nkuyamba kutsetsereka mokhotakhota mpaka pa Thabwa, chigwa chonse cha Shire chitayalika pansi ngati mphasa. Mukaoloka mlatho wa Kamuzu mukhotere ku boma la Chikwawa, ndipo kuchokera apo mseu umakufikitsani pa chipata cha Majete, kufupi ndi mathithi a Kapichira amene anaimitsa sitima ya David Livingstone m'chaka cha 1859.

Nswala ndi nyama yofiirira, ya miyendo yoonda, yotha kulumpha mamita atatu m'mwamba. Nyanga zimamera pa mphongo zokha. Miyezi ina yonse nyamayi ndi yofatsa, koma masika akafika mphongo imasinthiratu. Khosi limakula, ndipo imadzisankhira dera lake, nilemba malire ndi milu ya ndowe ndiponso fungo limene imapaka pa zitsamba ndi chipumi chake. Kulira kwake ndi kwa mzere, kwaukali, kosayenerana konse ndi kukongola kwa thupi lake, mwakuti mlendo angaganize kuti m'thengomo muli nyalugwe. Ikamalira imatukula mchira ndi kuonetsa ubweya woyera wa kunsi kwake.

Gulu la zazikazi likaloŵa m'dera lake, mphongoyo siipumanso. Uku ikubweza yaikazi yofuna kutuluka, uko ikupirikitsa timphongo tating'ono, kwinako ikuyang'anizana ndi mnzake wodzalanda ufumu. Atambala aŵiri salira m'khola limodzi. Kaŵirikaŵiri mkangano umatha ndi kuopsezana chabe, koma zikalingana mphamvu zimakolanitsa nyanga ndi kukankhana mpaka fumbi kobo, ndipo zina zimavulala ngakhale kufa kumene. Yopambanayo siipeza mpata wa kudya kapena wa kudzichotsa nkhupakupa. Pakapita masiku ochepa imawonda, ina yonenepa nkudzaichotsa pa mpando.

Apa ndi pamene wojambula ayenera kudzigwira mtima. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Mukapeza mphongo ndi gulu lake, imikani galimoto patali, dzuŵa likhale kumbuyo kwanu, zimitsani injini, ndipo ana akhale chete. Popeza mphongoyo siichoka m'dera lake, palibe chifukwa choithamangira. Ikapita kuseri kwa chitsamba, idzabweranso pamalo pomwepo. Kuŵala kwa mmamaŵa ndi kwa madzulo ndiko kumatulutsa bwino kufiira kwa chikopa chake, pamene dzuŵa la masana limachezula zonse. Tsamiritsani kamera kapena foni pa zenera kuti isagwedezeke, ndipo lunjikani pa diso la nyamayo. Musatuluke m'galimoto, pakuti kuyambira m'chaka cha 2012 ku Majete kuli mikango. Musaimbe muluzu kapena kuwomba m'manja kuti nyama icheuke. Mukabalalitsa gululo, mphongo yotopa kale ija iyenera kuyamba mwatsopano ntchito yolisonkhanitsa, ndipo inuyo mudzabwerera ndi chithunzi cha michira yothaŵa basi.

Vuto limeneli si la kuno kokha. Ku America kuli nyama yaikulu ya nyanga za nthambinthambi yotchedwa elk, imene mphongo zake zimalimbirana zazikazi m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala. Ku nkhalango ya Yellowstone lamulo limaletsa munthu kuiyandikira kuposa mamita 23, chifukwa mphongo zolusa zakhala zikugunda anthu ndi magalimoto omwe. Nswala yathu siigunda munthu, koma ulemu umene ikufuna ndi womwewo.

Tanthauzo la phokoso lonseli limadzaoneka patapita miyezi isanu ndi umodzi ndi theka. Mvula yoyamba ikagwa mu Novembala ndi Disembala, msipu nkuphuka, zazikazi zimaswa pafupifupi nthaŵi imodzi. Ana amachuluka mwakuti afisi ndi anyalugwe sangaŵathe onse, ndipo mtundu umapitirira. Nchifukwa chake msampha wa waya wotchedwa m'chilimwe, ukakola yaikazi, umapha nyama ziŵiri.

Majete yemweyu anaona kale zotsatira za misampha. Nkhalangoyi inakhazikitsidwa m'chaka cha 1955, koma pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 njovu ndi nyama zina zazikulu zinali zitatha ndi alenje ozembera lamulo. Mu 2003 boma linapangana ndi bungwe la African Parks kuti liziyendetsa malowo. Anamanga mpanda, nabweretsanso zipembere, njovu, njati, mphalapala ndi zina zambiri. Kulira kwa mphongo kumene mukamve m'bandakucha kukanatha kuzimirira monga kunazimirira m'mapiri otizungulira kuno ku Blantyre.

Tsono makolo ndi aphunzitsi anzanga, chimanga chikaloŵa m'nkhokwe, sonkherani mafuta a galimoto, mutenge ana, mutsike ku chigwa. Mukafika, kamera idikire pang'ono. Yambani mwakhala chete ndi kumvetsera.