KHRISIMASI YA ANA A KU MATERO

Munthu wocokera ku Chipata, Katete kapena Petauke akafika mu Lusaka m'mwezi wa Disembala, nakwera basi yotsata mseu wa Lumumba, posakhalitsa amatsikira ku Matero. Komboni imeneyi ndi imodzi mwa makomboni akale mu mzindawu. Inamangidwa m'zaka za m'ma 1950, m'nthawi ya atsamunda, kuti muzikhala anthu akuda ogwira nchito m'tauni pamodzi ndi mabanja ao. Nyumba zambiri za masiku amenewo zikalipo, ngakhale eni ace anazikuza, ndipo capafupi pali bwalo lalikulu la masewera la National Heroes limene linatsegulidwa mu caka ca 2014.

Anthu oyamba kukhala m'nyumbazi anadza ndi cikhulupiriro cao kucokera kumidzi. Ena anali a mpingo wa Reformed, umene unayambira ku Magwero mu 1899, ena Akatolika, enanso a mipingo ina. Lero adzukulu ao ndiwo akulera ana, ndipo ambiri mwa anawo mudzi wa makolo ao amangoumva dzina.

Sabata ya Khrisimasi ikafika, mlendo amayamba kuona cikondwerero pa msika wa Matero. Nkhuku zimakwera mtengo, mpunga ndi mafuta ophikira sizicedwa pa thebulo, ndipo azimai amasankhira ana zobvala pa milu ya salaula, mvula ili kugwa. M'malo omwera mowa nyimbo zimalira usana ndi usiku. Mwana wa zaka zisanu woyenda m'miseu imeneyi angathe kuganiza kuti Khrisimasi ndi tsiku la nsapato zatsopano ndi mabisiketi basi.

Koma wolowa m'mabwalo a machalici madzulo amapeza zina. Ana a Sande sukulu amakhala akuphunzira sewero la kubadwa kwa Yesu. Mtsikana wofunda citenje ca amace ndiye Mariya, anyamata ogwira ndodo ndiwo abusa, katoni yodzaza udzu ndiyo modyera ng'ombe. Ana ambiri pano sanawetepo mbuzi, motero aphunzitsi amayamba ndi kuwafotokozera nchito ya mbusa, cinthu cimene mwana wa kumudzi amacidziwa asanayambe sukulu.

Kunyumba nako makolo ena ali ndi mwambo wao. Usiku wa pa 24 Disembala bambo amatsegula Buku Lopatulika pa Luka mutu 2, nawerenga pang'onopang'ono kuti ndi wamng'ono yemwe amve. M'mawa zobvala zatsopano zimayamba kuonekera ku chalici zisanaonekere kwa anansi. Mpunga ukapsa, mai amapatula mbale imodzi, natuma mwana kuti akapereke kwa nkhalamba kapena wodwala wa pafupi, pakuti mwana saiwala msanga mbale imene ananyamula ndi manja ace.

Zimenezi sizibwera mosabvuta. Kumudzi agogo ndiwo amasonkhanitsa adzukulu madzulo ndi kuwaphunzitsa, koma m'tauni nchito imeneyi imagwera bambo ndi mai amene atopa kale ndi malonda. Alipo mabanja amene ndalama zimathera ku mowa pa 25 Disembala, ndipo Januwale akafika ana amasowa yunifomu ndi makope a kusukulu.

Pa 29 Disembala 1991 Pulezidenti Frederick Chiluba analengeza kuti Zambia ndi dziko la Cikhristu, ndipo mu 1996 mau amenewo analowa m'malamulo akulu a dziko. Komabe mwana wa ku Matero sawerenga malamulo. Iye amaona kumene atate ace alowera m'mawa wa tsiku la Khrisimasi. Akulu anati mmera mpoyamba. Nanunso a kumudzi, pamene mulandira adzukulu ocokera ku Lusaka pa cuti, muwatengere ku mapemphero nkhuku isanaphedwe.